Khadi Lofiira la Mai Likongwe

Ana anga, za ubwana wanga ku Thyolo mwazimva mpaka kutopa nazo, ndipo sindizibwereza. Pano ndilemba za ntchito yanga yoyamba, ndi chifukwa chake mayi anu anakhala zaka zisanu ku chigwa chotentha pamene anzawo a m'kalasi ankakwezedwa m'tauni. Mwakhala mukundifunsa, ine n'kumangoti ndi mmene ntchito ya chipatala imayendera. Linali bodza. Nkhani yake ndi ya kumusi kwa thupi la mayi wachikulire, imene kwathu kholo silikamba pamaso pa ana. Koma pepala lilibe manyazi, ndipo inu atsikana mwafika kale pa msinkhu woti ikukhudzeni.

1956

Ndinayamba ntchito mvula itangogwa, pa kachipatala kena ka ku Limbe, kuseri kwa sitolo za amwenye. Dzina lake sinditchula, chifukwa amene akugwirapo ntchito lero alibe mlandu. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, nditangomaliza unamwino ndi uzamba ku mishoni. Bambo anga, amene anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi n'kukalambira m'minda ya tiyi, anandinyamulira sutikesi mpaka pa geti. Potsazika anandiuza kuti ntchito ya mzungu imafuna manja, osati pakamwa. Ndinawamvera kwa zaka ziwiri zathunthu, ndipo zaka zimenezo ndi zimene ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Chipatalacho chinali ndi makomo awiri. Lakumaso linali la azungu, lokhala ndi khonde lopukutidwa ndi mipando yansalu. Lakumbuyo linali lathu: mabenchi atatu pansi pa mtengo wa mango, moyang'anizana ndi msewu wopita kumsika. Inali nthawi ya Chitaganya, pamene ankatiuza kuti akuda ndi oyera tsopano akuyendera limodzi, koma makabati a mankhwala analinso awiri, ndipo kiyi wa kabati yakumaso ankakhala m'thumba mwa Sisitala, mzungu amene anali mkulu wa anamwino. Kwathu kumbuyo mabandeji tinkachapa ndi kuyanika pa mpanda mpaka atasanduka ulusi. Singano za jakisoni tinkaziphika mu sefuliya, zikabuntha n'kuzinola pa mwala. Zimene sizinkatha zinali asipulini, mankhwala a malungo, ndi timibulu tina tosungunula m'madzi totsukira zilonda.

Dokotala wathu tinamupatsa dzina lakuti Chimphepo. Ankalowa khomo lakumbuyo cha m'ma naini, n'kumaliza mzere wonse tiyi wake asanazizire. Sankakhala pansi. Ankaima pafupi ndi zenera, manja m'thumba, ine n'kumamasulira zimene wodwala akunena, iye n'kutchula mankhwala wodwalayo asanatseke pakamwa. Sindikunena kuti sankadziwa ntchito. Mwana wa chibayo ankamuzindikira akadali pa benchi, ndipo ambiri anawapulumutsa. Koma mayi akangoti mkodzo ukutentha, kapena kumusi kukuyabwa, yankho lake linali limodzi: Lachinayi.

Lachinayi linali tsiku la chinzonono ndi chindoko. Wodwala ankapatsidwa khadi lofiira, lolembedwa m'Chingerezi, ndipo m'munsi mwake munali kachidutswa kong'amba kokapereka kwa mwamuna, komuitana kuti nayenso adzabayidwe penisilini. Limbe yense ankadziwa tanthauzo la khadi limenelo. Mzere wa Lachinayi unkaima m'mbali mwa mpanda, ndipo anthu opita kumsika ankachepetsa liwiro kuti aone amene alipo sabata imeneyo. Pa mzerewo pankaima atsikana a m'mabala, anyamata a pa siteshoni, ndipo pakati pawo amayi a imvi, atadzifunda chilundu mpaka kumaso. Amene ankalemba makadiwo ndinali ine, ndi dzanja langa lokongola la ku mishoni, ndipo Sisitala ankandiyamikira kuti zolemba zanga n'zaukhondo.

1957

Mai Likongwe anabwera koyamba m'nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba Limbe yense. Anali mayi wamfupi, wa zaka zoyandikira makumi asanu ndi limodzi, duku lomangidwa mwa amayi a kutchalitchi. Ankakhala ku Soche. Amuna awo anali kalaliki pa kampani ina ya fodya komanso mkulu wa mpingo. Banja lawo linali la anthu akale a mu Blantyre, aja amene agogo awo ankawerenga Baibulo makolo athu ife asanawoloke malire. Atakhala pa mpando anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa ngati ndinakwatiwa. Nditakana anapumira m'mwamba.

"Mwana wanga, kodi wamkulu palibe pano? Nkhani yangayi si ya ana."

Ndinawauza kuti wamkazi wolankhula Chinyanja ndine ndekha. Anatembenuza mpando n'kuyang'ana khoma, ndipo anafotokozera khomalo, ine ndikumvera kumbuyo. Anati anasiya kusamba zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ndipo anathokoza Mulungu, poganiza kuti mavuto a ukazi atha. Koma kumusi kunayamba kuuma ngati chikopa choyanika padzuwa, kenako kuyabwa, kenako mkodzo kutentha. Ankataya madzi pafupipafupi moti ulaliki sankaumaliza, ndipo akatsokomola timadzi tinkadontha. Kukhala malo amodzi ndi abambo akunyumba kunasanduka chilango, koma anapirira zaka zitatu osauza munthu, kuopa kuti bamboyo angaganize kuti akukanidwa. Ndinamasulira zonsezi kwa Chimphepo. Sanawafunse zaka, sanawapime, sanawayang'ane n'komwe. Ndinalemba khadi, mai Likongwe analilandira ndi manja awiri, n'kugwada pang'ono pothokoza, chifukwa Chingerezi sankawerenga.

Amuna awo ndiwo ankawerenga. Lachinayi lake anabwera onse awiri, bambo patsogolo atavala jekete ndi tayi, mayi pambuyo patali. Pamene mai Likongwe anaona anthu amene aima nawo pa mzere ndi pamene anazindikira. Ndinawaona akufuna kutembenuka, koma amuna awo anawalozera pamzere ndi chibwano. A Likongwe anabayidwa nsagwada zitalumana. Potuluka sanadikire akazi awo.

Patapita mwezi mayiwo anabweranso, zinthu zitafika poipa. Penisilini sanachite kanthu. Chifukwa chodziona ngati odetsedwa, anayamba kudzitsuka m'kati ndi sopo wochapira katatu pa tsiku, komanso ndi madzi a timibulu tija amene ife tomwe tinawapatsa, ndipo khungu linayamba kung'ambika. Chimphepo anati atenganso matendawo kwatsopano. Anandiuza kuti ndiwauze asiye amuna. Ine ndinagwira njakata, ndipo ndinangoti adokotala akuti mudzisamalire. Sisitala, amene ankadziwa Chinyanja cha kukhitchini, anandidula pakamwa n'kunena yekha, mokweza, mabenchi onse akumva, kuti mayi iwe siya amuna ambiri. Mzungu wa zaka zosakwana makumi atatu kuitana mayi wa ana asanu ndi awiri kuti iwe! Koma tsikulo ndinangoweramitsa mutu n'kulemba khadi lachiwiri.

Khadi lachitatu ndi limene linapasula nyumba. Kuyambira pa khadi loyamba a Likongwe anasamukira pa mphasa ya pabalaza, ndipo ankadziwa mumtima mwawo kuti iwo sanayende. Ndiye akawerenga pa pepala la dokotala kuti akazi awo atenganso kachitatu, anaganiza chiyani? Anakatula nkhani ku mpingo. Mai Likongwe analetsedwa mgonero, n'kuuzidwa kuti ayambe avula bulauzi yoyera ya amayi mpaka nkhani itaunikidwa. Anthu a ku Soche anayamba kuwerenga amuna amene amadutsa pakhomo pawo, mpaka wogulitsa makala anatchulidwa. Mayiwo anatenga kabokosi kawo n'kupita kwa mwana wawo wamkazi Esinati ku Chitawira. Zonsezi anandiuza Esinati yemweyo, atabwera kudzandifunsa ngati n'zoona kuti mayi ake ali ndi matenda amenewo. Ndinamuyankha kuti ndi mmene adokotala anenera.

1958

Chakumapeto kwa chaka Sisitala anagwa ndi malungo, ndipo kwa masiku anayi ndinaitanidwa kumaso kuti ndiziphika zida ndi kugwira nyali. Tsiku lachitatu kunabwera dona wina wachizungu, wa imvi, msinkhu wa mai Likongwe. Ine ndinali pa ngodya ndi beseni, ndipo kwa iwo ndinali ngati kabati, choncho dona uja anafotokoza momasuka. Kuuma, kuyabwa, mkodzo wotentha, kutaya madzi pafupipafupi, kuwawa akakhala ndi mwamuna wake. Zonse, m'ndondomeko yomweyo. Ndinadikira kumva Lachinayi.

Chimphepo anakoka mpando n'kukhala pansi. Zaka ziwiri ndinali ndisanaone munthu ameneyo atakhala pansi pamaso pa wodwala. Anamupima mosamala, ine nditagwira nyali. Kenako anamuuza mofatsa kuti asadandaule, si matenda oyambukira, ndi msinkhu chabe. Anati mkazi akasiya kusamba, thupi limachepetsa kupanga michere ina ya ukazi imene imasunga njira ya kumusi yofewa ndi yonyowa, ndipo khungu la kumeneko limapyapyala n'kuuma, pamodzi ndi la njira ya mkodzo, motero tizilombo wamba timalowa m'chikhodzodzo mosavuta. Anajambula ndi pensulo papepala kuti dona amvetse. Anatsegula kabati n'kutulutsa kachubu ka mafuta okhala ndi michere imeneyo, n'kumuuza mmene azipakira, kuti asiye sopo kumeneko, azitsuka ndi madzi okha, azimwa madzi ambiri, abwerenso pakatha masabata atatu. Anamuperekeza mpaka pa khonde.

Nyali ndinaizimitsa, beseni ndinalitsuka, koma m'mutu mwanga munali moto. Ku mishoni anatiphunzitsa za mimba ndi za makanda, ngati kuti mkazi akasiya kubereka thupi lake latha ntchito, ndiye ine sindinkadziwa. Koma iye ankadziwa. Tsiku lililonse limene ankanena kuti Lachinayi kwa mayi wa imvi, nzeru imeneyi inali m'mutu mwake ndipo mankhwala anali kuseri kwa khoma, mapazi khumi kuchokera pa benchi yathu. Umbuli ndikanaukhululukira. Uku kunali kuona kuti nkhalamba yakuda siyenera mphindi zisanu.

Pa chipatalapo panali a Sulumba, bambo wachikulire amene ankapima magazi ndi makhololo pa makina oonera tizilombo. Ndinawapempha kuti ndikabweretsa kagalasi kopakapo timadzi ta kumusi kwa mai Likongwe andionere, ngakhale dokotala sanalamule. Anavula magalasi awo n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Chemwali, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu ameneyu mulimbana naye bwanji, chipatala chonse chili m'manja mwake?"

Ndinawayankha kuti sindikufuna kupha khoswe, ndikufuna kudziwa chimene ndakhala ndikulemba. Anavomera, bola dzina lawo lisatuluke pakamwa panga. Ndinatumiza uthenga ku Chitawira, ndipo mai Likongwe anabwera masana, nthawi imene Chimphepo ankapita kukadya. Anali ataonda. Ndinawapima ndekha, ndipo ndinaona ndi maso anga zimene ndinaona kwa dona uja: khungu lotuwa, lopyapyala, long'ambikang'ambika. A Sulumba anayang'ana timagalasi tiwiri pa makina awo, n'kuyang'ananso mawa lake, n'kulemba pa kapepala kuti tizilombo ta chinzonono palibe. Mu mkodzo anapezamo tizilombo wamba ta m'chikhodzodzo, timene mapiritsi a salufa a m'kabati yathu yomwe akanatha kuthetsa kalekale.

Ndinapita kwa Chimphepo Sisitala atachira, onse awiri ali mu ofesi. Ndinayala kapepala patebulo n'kupempha zinthu ziwiri: kachubu kamodzi ka mafuta aja, ndi kalata yonena kuti mai Likongwe alibe matenda a chiwerewere. Funso lake loyamba linali lakuti anandipatsa ndani chilolezo chopima wodwala. Kenako anati penisilini ndiye wapha tizilomboto, n'chifukwa chake sitikuoneka. Ndinamufunsa kuti ngati tafa, n'chifukwa chiyani mayiwo akudwalabe, ndipo n'chifukwa chiyani sanawapime poyamba pomwe. Anati mafuta aja sali pa mndandanda wa mankhwala a khomo lakumbuyo, ndiponso akazi a kuno sangathe kutsatira malangizo ake. Apo m'pamene malangizo a bambo anga ndinawaiwala.

"Bwana, thupi la nkhalamba silidziwa khomo limene lalowera. Dona uja munamukhalira pansi. Mayi awa mwawapasulira banja muli chiimire."

Anafiira mpaka m'makutu. Kalata anakana, chifukwa kuilemba kukanakhala kuvomera kuti analakwa katatu. Sisitala ananditengera panja n'kundichenjeza kuti kapepala kaja kakangotuluka pa geti, inenso ndituluka. Anawonjezera kuti dzina langa linali pakati pa oti apite kukaphunzira ukulu wa anamwino chaka chimenecho, ndiye ndiganize bwino.

Ndinaganiza, ndipo musaganize kuti mayi anu anali wolimba mtima ngati mmene mumawadziwira lero. Ndinali ndi azing'ono anga awiri pa sukulu amene ankadalira ine. Bambo anu anali atangofunsira mbeta, ndipo ankagwira ntchito ku Limbe komweko. Koma Esinati anandiuza kuti ankhoswe a mbali zonse ndi akulu a mpingo akumana Lamulungu masana ku Soche kuti athetse nkhaniyo, ndipo amalume ake a Esinatiyo, mlongo wa mai Likongwe, anali atanena kale kuti alibe choikira kumbuyo, popeza mapepala atatu a dokotala sangakhale onse abodza. Mapepala atatuwo anali ndi dzanja langa.

Lamulungu, nditatuluka ku misa, ndinavala yunifolomu yanga ndi kapu, n'kuyenda wapansi mpaka ku Soche. Ndinapeza amuna atakhala pa mipando pakhonde, amayi pa mphasa pabwalo, mai Likongwe pakati, atavala bulauzi yamaluwa, maso pansi. Ndinagwada pamphepete n'kupempha mawu. A Likongwe anandizindikira, n'kufunsa anthu ngati tsopano milandu ya mabanja a anthu ikuweruzidwa ndi kamtsikana ka Anguru kosakwatiwa, kamene kakudziyesa kodziwa kuposa dokotala wachizungu. Ena anaseka. Mawu amenewo, onyozera ife amene makolo athu anachokera kwa Apwitikizi, ndinawazolowera kuyambira ku sukulu, koma tsikulo anandithandiza, chifukwa mantha anachoka n'kutsala mkwiyo wokhawokha.

Ndinauza a Likongwe kuti makadi atatu amene ali m'thumba mwawo ndinalemba ndine, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linalembedwa mayi atapimidwa. Ndinawapatsa kapepala ka kupima kuti awerenge okha, popeza Chingerezi amachidziwa. Kenako ndinapepesa kwa akuluakulu kuti ndilankhula zosayenera mwana, n'kufotokoza zonse: zimene zimachitika m'thupi la mkazi akasiya kusamba, zimene ndinamva khomo lakumaso, ndi mmene sopo ndi madzi athu aja zinawonjezera moto. Amuna anayang'ana nsapato zawo. Mkulu wina wa mpingo anatsokomola n'kunena kuti mawu anga ndi abwino, koma iye wakalamba osamvapo matenda otere, ndipo akanakhalako amayi akanawadziwa.

Pa mphasa panali gogo wina, alongo awo a bambo ake a Likongwe, amene anabwera kudzaima kumbali ya mwana wawo. Nthawi yonseyi ankangotafuna nkhama zawo zopanda mano. Anakweza dzanja pang'ono.

"Amayi amawadziwa, bambo. Amuna anga anamwalira chaka cha njala ija, ndipo chiyambire sindinayandikane ndi mwamuna. Zimene wanena mwanayu ndili nazo. Zonse. Ngati ndi chinzonono, ndiye mundiletse nanenso mgonero."

Kenako mayi wina kumbuyo anati nayenso, motsitsa mawu, ndipo wachitatu anangogwedeza mutu atadziphimba pakamwa ndi chilundu. Anthu amenewa ankapemphera limodzi Lachinayi lililonse kwa zaka zambiri, aliyense akupirira yekha, ndipo anaona mnzawo akuvulidwa bulauzi osanena kanthu. Sindiwaweruza, chifukwa nanenso ndinakhala chete, koma zinandiwawa. A Likongwe anawerenga kapepala kaja kawiri, n'kukapinda, n'kukatambasulanso. Akulu a mpingo ananong'onezana, n'kulengeza kuti palibe mlandu, ndipo mai Likongwe abwerere pa mgonero ndi pa gulu la amayi. Ankhoswe anati ndiye nkhani yatha, mayi abwerere kunyumba kwawo. Mayiwo anayankha mwaulemu kuti ayambe akachira kaye.

Lolemba nkhani inali itafika kale ku chipatala, chifukwa mkulu wina wa mpingo anapita yekha kukafunsa Chimphepo ngati n'zoona. Sabata isanathe ndinalandira kalata yondisamutsira ku kachipatala ka kumudzi ku chigwa cha Shire, kumene anthu ankatumizidwa akalakwa. Za maphunziro a ukulu sindinamvenso. Dzina la a Sulumba silinatuluke, ndipo iwo anapumira ntchito pomwepo mwamtendere. Ukwati wanga ndi bambo anu unachedwa zaka ziwiri. Ndisananyamuke ndinaperekeza mai Likongwe kwa dokotala wina wachimwenye amene anali ndi chipinda chake pamwamba pa sitolo ku Limbe. Anawapima, n'kulemba pepala lokatengera mafuta aja ku sitolo ya mankhwala mu Blantyre, pamodzi ndi mapiritsi a chikhodzodzo. Esinati anandilembera kalata kuchigwa kuti patangotha mwezi ndi theka mayi ake ankamaliza ulaliki wonse osatuluka. Mwezi ndi theka, ana anga, pa chinthu chimene chinawadyera zaka.

Apa ndiime pang'ono ndilankhule ndi inu atsikana, ndi apongozi anga omwe. Zimenezi zinandipeza nanenso pa nthawi yake, ndipo zidzakupezani ambiri a inu. Si uve, si chilango, si kulodzedwa. Musadzitsuke m'kati ndi sopo kapena zitsamba zoumitsa, mungowonjezera. Pitani kuchipatala mukanene mawu ake enieni, osati kuzungulira kuti m'mimba mukupota, ndipo mukakamire kuti akupimeni asanakupatseni chilichonse. Mankhwala alipo, ndipo lero alibe khomo. Koma mukaona magazi mutasiya kale kusamba, imeneyo ndi nkhani ina, musagone nayo, thamangirani kuchipatala sabata yomweyo. Inunso anyamata mwawerenga, ndiye musadzanene kuti simunauzidwe.

1963

Ndinabwerera mu Blantyre Chitaganya chikutha, ndili ndi mwana kumbuyo ndi khungu lothimbirira ndi dzuwa la kuchigwa. Chimphepo anali atapita kwawo, ndipo ndinamva kuti anamuchitira phwando lotsazikana ndi kumupatsa wotchi. Makadi ofiira anali atathetsedwa. Palibe amene anapepesa munthu aliyense, ndipo amayi ena onse amene ndinawalembera makadi aja sindinadziwe kumene anathera.

Loweruka lina ndinapita ku Chitawira kukaona Esinati, poganiza kuti andiperekeza ku Soche kwa mayi ake. Ndinapeza mai Likongwe ali pomwepo, akusita bulauzi yawo yoyera ndi simbi ya makala. Anali atanenepa, nkhope yowala, ndipo anandilandira ndi dzina lakuti anamwino, n'kundiuza kuti amayi anayi a pa gulu lawo anawaperekeza okha kwa mmwenye uja. Ndinawafunsa ngati abwera kudzacheza kwa mwana. Esinati anandiponda phazi, koma ndinali nditafunsa kale.

Anandiuza kuti ku Soche sanabwerereko. A Likongwe anapepesa kudzera mwa ankhoswe, kenako anapepesa okha, atagwada pa simenti ya pakhonde lomwelo, munthu wa tayi. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankabwera ndi kampukutu ka buledi kapena nsomba, n'kukhala pa mpando, mayi n'kuwathirira tiyi, n'kucheza za ana ndi za mvula. Dzuwa likapendeka ankafunsa funso lomwelo, mayi n'kuyankha kuti aganizabe. Zinali zitatero zaka zisanu. Ine ndinataya maphunziro ndi zaka zanga kuti banja limeneli libwerere, ndiye ndikuvomera kuti zinandikhumudwitsa. Ndinawakumbutsa kuti bambowo ananamizidwa ndi pepala la dokotala, monga mmene tonse tinanamizidwira.

Anaika simbi pa njerwa n'kundiyang'ana, nthawi ino m'maso, osati kukhoma.

"Mzungu uja sankandidziwa, anamwino. Inunso simunkandidziwa, koma munabwera. Bambo ajawa ndinagona nawo mphasa imodzi zaka makumi atatu ndi zisanu, ana awiri tinawaika m'manda limodzi. Pepala litafika anafunsa abusa, anafunsa ankhoswe, anafunsa ngakhale anansi. Ine sanandifunse."

A Likongwe anamwalira patapita zaka zinayi, akubwerabe Lamulungu lililonse. Pa maliro mai Likongwe anakhala m'nyumba ya siwa kumutu kwa bokosi, monga mkazi wa mwini nyumba, ndipo analira kwenikweni. Anameta pamodzi ndi abale, ndipo tsiku lomwelo madzulo anabwerera ku Chitawira.